Kulumikiza trip meter mu MGB yakale

Pa mipikisano ya magalimoto akale imene imachitikira m'misewu ya ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya, wopambana nthawi zambiri sakhala amene wathamanga kuposa anzake. Okonza mpikisano amapereka liwiro loti galimoto iziyendera, kenako amaika anthu a mawotchi m'malo amene opikisana sakuwadziwa, ndipo galimoto ikafika pamalo otere mofulumira kapena mochedwa, sekondi iliyonse imene yasiyana ndi nthawi yoyenera imalembedwa ngati chilango. Mpikisano wamtunduwu umatchedwa regularity. Ndiwo mtima wa Rallye Monte-Carlo Historique, umene unayamba mu 1998, ndipo umapezekanso kwambiri mu LeJog, ulendo wochokera ku Land's End kukafika ku John o' Groats umene unayamba mu 1993. Ku Britain liwiro loperekedwalo silipitirira mamailosi 30 pa ola pamsewu wa anthu onse, pomwe m'maiko ambiri a ku Ulaya malire ake amakhala makilomita 50 pa ola.

Liwiro limeneli lingaoneke lochepa, koma masamu ake sakhululukira munthu. Galimoto yoyenda mamailosi 30 pa ola imadutsa mamita oposa 13 pa sekondi iliyonse, choncho chipangizo choyezera mtunda chikamalakwitsa ndi 1 peresenti yokha, pomatha mamailosi 10 chimakhala chitasokera ndi mamita pafupifupi 160, amene ndi masekondi 12. Kawerengero ka mtunda kamene kali mu sipidomita ya galimoto sikangathandize, chifukwa kamawerenga magawo khumi okha a mailo ndipo kawirikawiri kamalakwitsa kuposa pamenepo. N'chifukwa chake namulondola, amene amakhala pambali pa dalaivala ali ndi mapu, buku la njira ndi wotchi, amadalira trip meter. Chipangizochi chimagawa mailo m'magawo 100, gawo lililonse mamita 16, ndipo nthawi zambiri chimakhala ndi mawindo awiri: lina limasunga mtunda wonse kuchokera poyambira, lina amalibweza pa ziro pamphambano iliyonse.

Galimoto imene nkhaniyi yatenga ngati chitsanzo ndi MGB, yopangidwa ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980. Ndi galimoto imene yachulukira pa mipikisano imeneyi chifukwa zinapangidwa zoposa theka la miliyoni, zipangizo zake zikupezekabe, ndipo ili ndi mbiri yake: mu 1964 Donald ndi Erle Morley anapambana nayo gawo la magalimoto a GT pa Monte Carlo Rally. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti m'zaka 18 zimenezo magetsi ake anasintha kangapo, moti pafupifupi vuto lililonse limene munthu angakumane nalo polumikiza trip meter m'galimoto yakale limapezeka mu MGB ya chaka china.

Kale ntchitoyi sinali ya magetsi n'komwe. Kampani ya Halda ya ku Svängsta ku Sweden, imene inayamba mu 1887 ndi kupanga mawotchi a m'thumba n'kudzapanganso mataipilaita ndi mamita a matakisi, ndiyo inapanga Speedpilot, Tripmaster ndi Twinmaster, zipangizo zimene zinali pa dashibodi ya magalimoto ambiri ampikisano m'zaka za m'ma 1960. Tripmaster ndi Twinmaster zimazunguliridwa ndi kebulo ya sipidomita kudzera pa kagiya kogawa mayendedwe pawiri, ndipo pofuna kuzikonza kuti ziziyeza molondola munthu amasintha timagiya ta mkati mwake n'kuikamo ta mano ochuluka kapena ochepa. Magetsi okhawo amene zimafuna ndi a kababu kowunikira manambala usiku. Masiku ano Halda yeniyeni ndi yosowa ndiponso yodula, motero ambiri amagula zamagetsi monga Brantz ndi Terratrip za ku Britain kapena Monit ya ku New Zealand. Brantz ili ndi mtundu wina wotchedwa Retrotrip, umene mkati mwake ndi wamagetsi koma manambala ake ali pa timawilo todumpha ndi kaphokoso, ndipo unapangidwira mipikisano imene imafuna kuti chipangizo chizioneka chachikale. Apa pali chinthu choyamba chofunika kuchita munthu asanagule chilichonse, ndicho kuwerenga malamulo a mpikisano umene akufuna kulowa, pakuti mipikisano ina imaletsa chipangizo choonetsa liwiro kapena chodalira GPS, ina imalola zonse, ndipo kulumikiza bwino chipangizo chimene ofufuza magalimoto mpikisano usanayambe adzalamule kuti chichotsedwe ndi kutaya nthawi ndi ndalama.

Trip meter yamagetsi sidziwa msewu, sidziwa tayala, sidziwanso ngati galimoto ikuyenda. Chimene imachita n'chimodzi: imawerenga timauthenga tamagetsi totchedwa ma pulse, tochokera ku sensa, kachipangizo komva kuzungulira kwa tayala kapena kwa kebulo, n'kutigawa ndi nambala imene mwini wake waikamo. Pulse iliyonse imene yafika pa waya wake imawerengedwa ngati mtunda, kaya yachokera ku tayala kaya yachokera ku moto wa pulagi, ndipo pulse iliyonse imene yatayika panjira ndi mtunda umene kwa chipangizocho sunayendedwe. Ndi mfundo imeneyi imene imafotokoza chifukwa chake chipangizo chatsopano chimene chimagwira bwino pathebulo chimayamba kunama chikangolowa m'galimoto ya zaka 60, ndiponso chifukwa chake zipangizo zambiri zimene eni ake amaziganizira kuti n'zowonongeka zimakhala zilibe vuto. Mawaya ake ndi ochepa, awiri a mphamvu ndi awiri kapena atatu a sensa, koma aliyense wa iwo ali ndi njira yake yolakwikira.

Tiyambe ndi mphamvu. Magetsi a MGB ndi a kampani ya Lucas, ndipo mitundu ya mawaya ake imatsatira dongosolo limene amakaniko amene anagwirapo Land Rover, Austin kapena Morris zakale amalidziwa pamtima. Waya wabulawuni ali ndi moto nthawi zonse ndipo sadutsa pa fyuzi iliyonse. Wapepo ali ndi moto nthawi zonse koma wadutsa pa fyuzi. Woyera amakhala ndi moto kiyi akatembenuzidwa, wopanda fyuzi. Wobiriwira amadaliranso kiyi koma ali ndi fyuzi. Wakuda ndiye wopita ku bodi. Munthu akagona chagada pansi pa dashibodi ndi tochi m'kamwa, waya amene amamukopa ndi wobiriwira, chifukwa ali pafupi, ali ndi fyuzi, ndipo amazima galimoto ikazima. Ine ndikuona kuti ameneyu ndiye woyenera kumupewa kwambiri. Mzere wobiriwirawo ndi umene umadyetsa magetsi a mabuleki, maindiketa ndi zina zimene zimayaka ndi kuzima kosalekeza, ndipo chilichonse chikayaka mphamvu ya pa mzerewo imagwa pang'ono n'kukweranso. Komanso injini ikazima pamphambano dalaivala n'kubweza kiyi kuti ailizenso, chipangizo chimene sichisunga manambala chimataya mtunda wonse, namulondola n'kutsala ndi ziro pakati pa chigawo cha mpikisano.

Pali misampha ina iwiri pamalo omwewo. Kuseri kwa mageji a MGB zambiri kuli kabokosi kotchedwa voltage stabiliser, kamene kamapereka mavolti 10 ku geji ya mafuta, koma kachikale kamachita zimenezi poyatsa ndi kuzimitsa moto mobwerezabwereza, moti chipangizo chamagetsi chotapa pamenepo chimangoyaka ndi kuzima. Msampha winawo ndi fyuzi. Fyuzi zagalasi za Lucas zolembedwa 35 amp zimanyamula pafupifupi 17 amp mosalekeza ndipo zimapsa zikafika pa 35, pomwe waya wa trip meter ndi wowonda ngati ulusi wa thumba. Waya wotere akachita shoti amayamba kufuka ndi kusungunuka fyuziyo isanamve kanthu.

Njira yabwino ndi kukoka mawaya awiri atsopano kuchokera pa batire penipeni, mmodzi wa pozitivi ndi wina wa negetivi, n'kuika fyuzi yaing'ono ya 2 amp pafupi kwambiri ndi mutu wa batire kuti waya yense akhale wotetezedwa. Batire limameza kudumphadumpha kwa mphamvu kuposa malo ena aliwonse m'galimoto, ndipo waya wachiwiriyo amapulumutsa chipangizo ku dzimbiri la bodi, limene m'galimoto yakale limachititsa kuti njira yobwerera ya magetsi ikhale yokayikitsa. Mu MGB batire silili kutsogolo ndi injini koma kumbuyo kwa mipando, pansi pa chivundikiro chachitsulo, zimene zimathandiza chifukwa mawaya amadutsa pansi pa kapeti osayandikira injini. Koma mpaka 1974 galimotoyi inkatuluka ndi mabatire awiri a mavolti 6, lina mbali iyi lina mbali inayo ya shafiti yopita ku matayala akumbuyo, olumikizana ndi kebulo yapakati, ndipo wotapa pa mutu umodzi wa kebulo yapakatiyo amapeza mavolti 6 okha. Mawaya ayenera kupita ku mitu iwiri yakunja. Malo a mabatirewo ndi otseguka kunsi, madzi ndi matope a mumsewu zimafikako, choncho chosungira fyuzi chikhale chosalowa madzi, ndipo paliponse pamene waya akudutsa pa bowo la chitsulo pakhale kalabala komuteteza kuti asadulike. Popeza chipangizo cholumikizidwa chotere sichizima ndi kiyi, chiyenera kuzimitsidwa ndi swichi yakeyake galimoto ikagona.

Nkhani imene yapsereza zipangizo zambiri ndi ya positive earth. MGB zonse zopangidwa kufikira kumapeto kwa 1967 zinkatuluka ndi mutu wa pozitivi wa batire utalumikizidwa ku bodi, ndipo mawaya onse amoto anali a negetivi, mosemphana ndi magalimoto a masiku ano. Mababu ndi sitata sizisamala za mbali, koma chipangizo chokhala ndi matransisita chimasamala kwambiri. Chaka cha galimoto sichokwanira kudziwira, chifukwa zambiri mwa izo eni ake akale anazitembenuza, ndipo mtundu wa kebulo ya pa batire nawonso ukhoza kunamiza; chodalirika ndi kuyeza ndi mita yoyezera magetsi pakati pa bodi ndi waya wabulawuni. Ngati galimoto idakali ya positive earth, chipangizo chikhoza kugwira ntchito polumikiza waya wake wa pozitivi ku mutu wa pozitivi ndi wa negetivi ku mutu wa negetivi, koma fyuzi iyenera kukhala pa waya wa negetivi, pakuti ndiye wamoto. Choopsa chenicheni chili ku sensa. Pa zipangizo zambiri chikuto chachitsulo chokulunga waya wa sensa chimalumikizana ndi negetivi, ndipo m'galimoto yotere chikuto chimenecho chikangokhudza bodi pamalo amodzi, ngakhale ndi kaulusi kamodzi, imeneyo ndi shoti yathunthu.

Pa chifukwa chimenechi ambiri amasankha kutembenuza galimoto yonse kuti ikhale ya negative earth, kutanthauza kuti negetivi ndiyo ilumikizidwe ku bodi, ndipo pokhapokha ngati mwini wake akufunitsitsa kuisunga monga inatulukira ku fakitale, ndikuganiza kuti amachita bwino. Ntchitoyi si yaikulu koma ili ndi ndondomeko yake. Mabatire amatembenuzidwa, dayinamo yochajira batire imaphunzitsidwa mbali yatsopano pokhudzitsa kamphindi waya wamoto pa mutu wake waung'ono wa F, mawaya awiri ang'onoang'ono a pa koyilo amasinthanitsidwa, ndipo geji yamagetsi yowerengera kuzungulira kwa injini, imene inabwera chakumapeto kwa 1964, iyenera kusinthidwa mkati, monganso wailesi ndi pampu ya petulo ngati ili ndi diode, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha.

Sensa ndiyo imafuna kuganizira kwambiri, chifukwa malo aliwonse oiika ali ndi bodza lakelake. Yosavuta ndi ya pa kebulo ya sipidomita. Kebuloyi imachokera kumchira kwa giyabokosi, ndipo pankhope ya sipidomita ya Smiths pamakhala kanambala kakang'ono, monga 1000 kapena 1280, kosonyeza kuti imazungulira kangati pa mailo imodzi. Poika sensa, munthu amasolola kaye chingwe chamkati n'kuchiika pambali pa nsalu yoyera, amadula kachidutswa kakafupi pa chikuto chakunja chokha pamalo owongoka otalikirana ndi ekizosi, amalowetsa mbali ziwirizo m'sensa n'kuzimanga, kenako amabwezeretsa chingwe chija pang'onopang'ono, akuchipotoza ndi zala mpaka atamva kuti chalowa pa bowo la kawilo ka mkati mwa sensa. Ubwino wake ndi wakuti sensa ili kutali ndi matope, komanso popeza giyabokosi imayendetsa matayala onse awiri akumbuyo, chimene ikuwerenga ndi chapakati pa awiriwo, motero makona sachisokoneza. Kuipa kwake ndi kwakuti MGB imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo akamaterera pa chipale kapena pa miyala amazungulira kuposa mtunda umene galimoto yayenda. Ngati singano ya sipidomita imanjenjemera, chingwecho n'chotha kapena chapindika kwambiri penapake, ndipo ndi bwino kugula kebulo yatsopano musanaidule.

Amene akufuna kulondola kwenikweni amaika sensa pa tayala lakutsogolo, limene silikoka. Sensa yake ndi kachitsulo kooneka ngati bawuti, kamene kamamva chitsulo chikadutsa pafupi ndi nsonga yake. Disiki ya buleki ya MGB imamangidwa ku habu, chitsulo chapakati chimene tayala limamangidwapo, ndi mabawuti anayi, ndipo amenewa ndi amene ambiri amalozetsako sensa. Tayala la 165 pa limu ya mainchesi 14 limayenda mamita pafupifupi 1.9 likazungulira kamodzi, kutanthauza kuzungulira pafupifupi 850 pa mailo, ndipo ndi mabawuti anayi ndiye ma pulse pafupifupi 3,400, imodzi pa theka lililonse la mita. Mpata wa pakati pa nsonga ya sensa ndi bawuti umakhala pafupifupi milimita imodzi, ndipo pamenepo ndi pamene pali ntchito. Chogwirira sensa chiyenera kukhala chachitsulo chokhuthala chosagwedera, ndipo mabering'i a tayala akhale osasewera kupitirira muyezo wake, chifukwa habu ikapendekeka pang'ono pokhota mpatawo umatseguka kapena bawuti imamenya sensa. Woikayo akweze galimoto pa jeke, azungulize tayala ndi dzanja pang'onopang'ono, n'kuyeza mpata pa bawuti iliyonse payokha ndi kachitsulo koyezera, pakuti imodzi ikakhala yofupika kuposa zinzake ndiyo idzayambe kuphonyedwa. Bawuti yophonyedwa nthawi zonse siopsa, chifukwa chipangizo chimachepetsa mtunda ndi gawo limodzi mwa anayi ndipo aliyense amazindikira msanga. Yoopsa ndi imene imaphonyedwa mwa apo ndi apo, pokhota kumanzere kokha kapena mabuleki akatentha potsika phiri lalitali, chifukwa kulakwitsa kwake n'kochepa moti namulondola amayamba kudzikayikira yekha.

Waya wa sensa imeneyi amapindika nthawi iliyonse chiwongolero chikakhota ndiponso tayala likadumpha, choncho amamuyendetsa motsatira paipi yalabala ya buleki, n'kumusiyira malo osewera, ndipo amayesa pokhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri kuti aone ngati sakukokeka kapena kukhudza tayala.

Pali njira zina ziwiri zimene zingatchulidwe mwachidule. Sensa ikhoza kuwerenga shafiti yopita kumbuyo, koma popeza pa MGB shafitiyo imazungulira pafupifupi 3.9 pa kuzungulira kumodzi kwa tayala, ma pulse amachuluka kwambiri ndipo nthawi zambiri amangoikapo maginito amodzi kapena awiri, chakumapeto kwa giyabokosi kumene shafiti siyenda chokwera ndi chotsika. GPS sifuna waya wa ku tayala, koma imasokonezeka m'misewu yapansi pa mapiri, m'zigwa zakuya ndi m'nkhalango zowirira. Opikisana ambiri a maulendo ataliatali amaika masensa awiri ndi swichi yosankhira, kuti imodzi ikafa usiku asagone pansi pa galimoto m'chipale.

Tsopano tifike pa mdani wamkulu, amene saoneka ndi maso. Galimoto yaima m'galaja, zonse zalumikizidwa, dalaivala waliza injini n'kuponda mafuta, ndipo manambala a pa trip meter ayamba kukwera okha: 0.01, 0.02, 0.05, matayala ali chiimire. Chimene chikuchitika n'chakuti nthawi iliyonse pulagi ikathetheka, mavolti oposa 10,000 amadutsa m'mawaya a mapulagi, ndipo mawaya akale a mkuwa weniweni mkati amamwaza mphamvuyo mumpweya ngati nyumba youlutsira mawu, waya wa sensa n'kukhala mlongoti wolandirira. Si mapulagi okha ayi. Dayinamo ili ndi mabulashi othetheka, bokosi lake lowongolera mphamvu lili ndi timapointi totseguka ndi kutseka mofulumira, pampu ya petulo ya SU imagogoda ndi mapointi ake, ndipo mota ya mawaipa, hutala ndi swichi ya giya yowonjezera yotchedwa overdrive zonse zimatulutsa phokoso lamagetsi lomwelo. Njira yotsika mtengo yolimvera ndi kutenga kawailesi ka mabatire, kukaika pa AM pamalo opanda siteshoni, n'kukayika pampando wa namulondola injini ikulira. Kuthetheka kofulumira kotsatana ndi kuthamanga kwa injini ndi kwa mapulagi, kulira kopyapyala kokwera ndi mafuta ndi kwa dayinamo, ndipo kugogoda kwa apo ndi apo ndi kwa pampu.

Mankhwala ake amayambira kumene phokoso likuchokera, osati pa chipangizo. Mawaya a mkuwa amalowedwa m'malo ndi ochepetsa phokoso, kapena amavekedwa zisoti za mapulagi zokhala ndi resistor, kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi, ndipo timakondensa tochepetsa phokoso timaikidwa pa koyilo, pa pampu ndi pa mutu waukulu wa dayinamo, koma osati pa mutu waung'ono wa F, chifukwa pamenepo kondensa imawononga mapointi a bokosi lowongolera. Kenako pamabwera kusankha njira ya waya. Pa injini ya MGB, disitibyuta, mapulagi, koyilo ndi dayinamo zonse zili kudzanja lamanja, pomwe makabuleta ndi ekizosi zili kumanzere. M'galimoto ya chiwongolero cha kumanja namulondola amakhala kumanzere, motero sensa ya pa tayala lakumanzere imalola waya kufika pa dashibodi osayandikira mbali ya moto, bola atalikirane ndi kutentha kwa ekizosi. Wayayo asamangidwe pamodzi ndi mtolo wa mawaya akale ngakhale kutero kumaoneka kwaukhondo, ndipo pamene sangachitire mwina koma kudutsana ndi waya wina, adutse mopingasa, asayende naye limodzi. Chikuto chake chachitsulo chilumikizidwe mbali imodzi yokha, ya ku chipangizo, monga momwe pepala la wopanga likusonyezera. Pepala limenelo ndi loyenera kulitsatira pa mitundu ya mawaya, chifukwa mitundu ya pa chipangizo siyendera dongosolo la Lucas, ndipo makaniko wozolowera kuti wobiriwira ndi wamoto akhoza kupeza kuti pa chipangizocho waya wokhala ndi mtundu wobiriwira ndi wa negetivi.

Polumikiza mawaya, timapanga tapulasitiki toluma waya popanda kumusenda si toyenera pantchitoyi, chifukwa timadula timaulusi ta mkati ndipo timamasuka ndi kugwedezeka. Malo aliwonse olumikizira afinyidwe ndi pulayala yake yeniyeni kapena awotcheredwe ndi mtovu, n'kuvekedwa kapaipi kofota ndi kutentha. Ndipo zonsezi zisanachitike, ndi nzeru kuyesa chipangizo pathebulo ndi batire, kudutsitsa bawuti pansonga ya sensa ndi dzanja n'kuona manambala akuyenda, kuti vuto likadzabuka pambuyo pake munthu adziwe kuti lili m'galimoto.

Chotsala ndi kuphunzitsa chipangizo kutalika kwa mailo, ndipo mailo yofunika si ya m'buku koma ya wokonza mpikisano, popeza njira yonse anaiyeza ndi galimoto yake ndi chipangizo chake. N'chifukwa chake mpikisano usanayambe amapereka chigawo cha msewu choyezedwa, chokhala ndi chizindikiro poyambira ndi pothera. Pa zipangizo zimene nambala yoikamo imagawa ma pulse, masamu ake ndi achidule: nambala yakale imachulukitsidwa ndi mtunda umene chipangizo chaonetsa, n'kugawidwa ndi mtunda weniweni. Ngati nambala inali 340 ndipo pa chigawo cha mamailosi 5.00 chipangizo chaonetsa 5.06, nambala yatsopano ndi 344. Apa pamaonekanso phindu la ma pulse ochuluka, chifukwa kusuntha nambala 344 ndi imodzi kumasintha muyezo ndi 0.3 peresenti yokha, pomwe nambala ikanakhala 60 kusuntha komweko kukanausintha ndi pafupifupi 1.7 peresenti, ndipo malo olondola akanagwera pakati pa manambala awiri.

Poyeza, matayala akhale atatenthera ndi kuyenda, mpweya wake ukhale umene adzayendere pa mpikisano, katundu ndi anthu onse awiri akhale m'galimoto, ndipo dalaivala ayende kumbali yake ya msewu osadula makona. Chigawocho chiyendedwe kawiri kapena katatu. Zotsatira zikamafanana, nambalayo ndi yodalirika, koma zikamasiyana ulendo uliwonse, kusinthasintha nambala sikungathandize, chifukwa vuto lili pa mpata wa sensa, pa waya kapena pa phokoso lija. Matayala ena, monga a m'chipale, amafuna nambala yawoyawo, ndipo galimoto yowolokera ku France, kumene njira imalembedwa m'makilomita, imafuna nambala ya mailo itagawidwa ndi 1.609, moti 344 ija imakhala 214. Anamulondola ambiri amalemba manambala onsewa pa katepi n'kumata pa dashibodi pafupi ndi chipangizo.

Kuyesa komaliza kumachitika usiku. Dayinamo ya Lucas C40 imene inali mu MGB zoyambirira imapereka 22 amp ikafika pachimake, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono sipereka pafupifupi chilichonse, pomwe mpikisano ngati LeJog umayendedwa mu Disembala, maola ambiri mumdima ndi mumvula. Choncho galimoto iime injini ikulira, ndipo ziyatsidwe zonse pamodzi: magetsi akutsogolo ndi owonjezera, mawaipa, fani ya hita ndi kanyali ka mapu. Kenako dalaivala aponde buleki, ayatse indiketa, alize hutala, azimitse injini n'kuilizanso, namulondola maso ali pa manambala. Ngati sanasunthe ngakhale ndi 0.01, sanazilale ndiponso sanabwerere pa ziro, galimotoyo ituluke ikayendenso chigawo choyezedwa chija ndi magetsi onse ali chiyakire, ndipo nambala imene ituluke ifanane ndi imene inatuluka masana.